Dziko la Riboni Yabuluu

Lolemba, 6 Okutobala

Amuna anga, a B., abwera kuchokera kuntchito atakolekera paphewa nsalu yoyera yokwana makatani a nyumba yonse, m'thumba muli mariboni amitundu inayi ndi pepala limodzi. Ndimayesa mphatso. Zaka zonsezi sindinaphunzirebe.

Akuti ndi ntchito. Kubungwe kwawo lothandiza anthu pa ngozi kukubwera akuluakulu Lachisanu la sabata ya mawa, ndipo holo imene akakumanemo ndi mawindo okhaokha, chithunzi cha makina sichioneka pakhoma. Ndiye wina waganiza kuti zonse zisokedwe pa nsalu, popeza mkazi wa B. ndi telala. M'munsi mukhale zaka makumi awiri zapitazi, m'mbali chiwerengero cha anthu amene anakhudzidwa ndi madzi osefukira, chilala, mphepo ndi zina zotero. Dziko lililonse riboni yake. Lathu lobiriwira. Oyandikana nafe atatu: lofiira, lachikasu, labuluu.

Ndafunsa kuti waganizayo ndani. Akuti, "Mayi uja wa manambala." Dzina lake lakhala nafe pa tebulo mpaka kutsuka mbale. Ine ndizingomulemba Manambala.

"Taonani buluyu mmene wakwerera, amayi!" Chala chili pa pepala, maso ali ngwee. Tsiku la ukwati wathu sanandiyang'ane choncho.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndayala nsalu pa tebulo lodulira ku shopu, yalendewera mbali zonse. M'mawa wonse ndi choko ndi tepi, kulemba timadontho. Wamazipi, mnzanga wa khomo loyandikana amene amagulitsa mazipi ndi mabatani, wasuzumira n'kuti, "Mwayamba kusokera njovu, achemwali?"

Madzulo ndiye zatuluka zenizeni. Nyumba yosungiramo katundu wa bungwe, ija ya matenti, zidebe ndi mabulangete, imene B. amasunga makiyi ake, ikufuna kusamutsidwa. Ipite ku dziko limene mzere wake uli pamwamba. Anthu atatu apite nayo, akakhale zaka ziwiri. Manambala ndi mmodzi. Awiri enawo sanadziwike.

"Nanga inu?"

"Aa, za mawa sizidziwika."

Munthu amene sakufuna kupita sayankha choncho. Amati ayi, n'kupempha madzi akumwa.

Ndiye kuti andipatsa ine, ndi manja angawa, kuti ndisoke msewu wochokera pakhomo pano.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndamaliza wachikasu ndi wofiira. Wachikasu ndi dziko laulemu. Limagona pansi zaka ndi zaka, kenako chilala chimodzi, phiri, n'kubwerera kukagona. Wofiira ndi mano a macheka, chaka chino pamwamba, chamawa pansi, singano yanga yathyoka pa kona. Buluu sindinamuyambe. Ndikumuyang'ana kaye. Amakwera osapuma, ndipo akatsika amatsika pang'ono, ngati munthu wongowerama kumanga nsapato.

B. akudziwa mayina a mitsinje yonse ya kwa abuluu. Uti umasefukira mwezi uti, uti unakokolola mlatho. Munthu yemweyo m'mawa uno amandifunsa kumene timasunga simbi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Manambala wabwera ku shopu. B. amubweretsa okha nthawi ya nkhomaliro kuti aone ntchito.

Ndimayembekezera zidendene zazitali ndi mafuta onunkhira mpaka kumsewu. Kwabwera munthu wa nsapato zafulati zafumbi, magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi, siketi yopindidwa mokhota m'munsi. Zimenezi zandipweteka kwambiri. Mkazi wodzikongoletsa umadziwa pomugwira. Uyu amamvetsera munthu akamalankhula, mutu atapendeketsa, mpaka munthuyo amalize. B. zimenezo sanazizolowere, ndipo ndikudziwa chifukwa chake.

Wayamikira masokedwe. Wati makona a wofiira ndi akuthwa kuposa a pa kompyuta yake. Ndayankha kuti zikomo ndi pakamwa pokha.

Ndawapangira tiyi. Ndikutapa shuga kuti ndithire m'kapu ya B., iye n'kuti, "Akulu a makiyiwa anasiya shuga, mayi."

Anasiya liti? Akuti kuntchito amamwa wopanda, chiyambire chaka chatha. B. akuyang'ana denga ngati likudontha. Kunyumba amathira mpaka supuni kuima yokha. Ndiye kuti ndili ndi amuna awiri, ndipo wosamala thanzi lakeyo si wanga.

Atapita, Wamazipi: "Ameneyo ndiye? Aa, mtima m'malo achemwali. Miyendo ngati ya tebulo."

Sizinanditonthoze. Tebulo langa ndimalikonda, ndipo silinandikhumudwitsepo.

Lachisanu, 10 Okutobala

Riboni yabuluu yandithera pakati pa njira. Yathu yobiriwira yatsala mpukutu wonse. Ngakhale pa mavuto tikuchepa.

Loweruka, 11 Okutobala

Takangana, ndipo ndayambitsa ndine.

Ndinabweretsa pepala lija kunyumba kuti ndifunse za chaka chimodzi. Chaka chimene madzi analowa m'nyumba mwathu mpaka m'chiuno. Ine ndinasenza mutu wa makina osokera, B. anabereka apongozi kumsana, tinawoloka msewu wathu womwe ngati mtsinje. Tinagona m'kalasi pa sukulu, mabanja ambirimbiri, munthu kutsokomola onse kudzuka. Zithunzi za ana athu ali aang'ono zinamatana kukhala chibuma chimodzi. Kabati mpaka lero ili ndi mzere wa matope umene sopo anaulephera.

Pa pepala chaka chimenecho ndi kachitunda. Ndaikapo chala changa chachikulu, kabisika konse.

"Pano analakwitsa," ndatero.

"Sanalakwitse, amayi. Kwathu kuno anali matauni awiri okha. Chaka chomwecho kwa abuluu zigawo zathunthu zinamira. Taonani apa."

"Ndiye madzi athu anali onyowa pang'ono?"

Aseka. Ataona nkhope yanga asiya. Kenako n'kuyamba kundiphunzitsa, ndi mawu amene si awo. Akuti kutsika kwa mzere wathu ndi nkhani yabwino, anthu amachenjezedwa msanga masiku ano, ambiri anasamukira kumtunda. Akuti poyerekeza mayiko sitiyang'ana chaka chimodzi, timayang'ana kumene mzere ukulowera. Akuti Manambala amanena kuti tiyenera kunyadira.

Ndanyadira mpaka ndapsereza ndiwo.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti iwo analipo. Msana wawo unawapweteka mwezi wathunthu, ndimawathowa ndine. Lero akuyang'ana tsoka lathu ngati malaya akale, la eni ake ndiye lasitayilo.

Lamlungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi ndadzigwira ndikupempha mvula. Osati yambiri. Yongokwana kukweza mzere. Ndatsegula maso msanga, ndayang'ana uku ndi uku ngati wina wamva.

Masana tinakaona apongozi. B. awauza za ulendo ngati nkhani ya anthu ena. Iwo ayang'ana ine, osati mwana wawo. B. atatuluka kukakonza mpope, andikoka dzanja: "Mayi wa kuntchitoyo, ali pa banja?" Ndati sindikudziwa. "Funsani, mpongozi. Ine bambo ake a mwana wangayu anapita kukamanga mlatho miyezi itatu, anabwerako ndi mlatho wolankhula, wovala duku."

Ndaseka, koma mbale ndaikankhira kumbali.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndagula riboni ina, ndamaliza buluu. Wafika pamwamba penipeni, pafupi kutuluka pa nsalu. Kenako ndatenga wobiriwira.

Ndimaika mapini, Wamazipi ali pa mpando wa makasitomala akusenda chipatso. Ndamuonetsa zaka zomalizira, pamene ife tikutsetsereka buluu akukwera. Pakati pake mpata wolowa dzanja langa lonse.

"Ndiye vuto lili pati? Kwezani."

"Ndi manambala a anthu awa."

"Adzayeza ndani? Akuluakulu amayang'ana ali patali, akumwa madzi a m'botolo. Inu simunachepetsepo chiuno cha kasitomala pomuuza? Ine mumandiuza cha zaka zisanu zapitazo."

Ndakweza. Zaka zomalizira zala ziwiri, buluu ndamutsitsa chala chimodzi. Kachitunda ka chaka chathu ndakapatsa ulemu wake, tsopano ndi phiri looneka. Pamenepo ndiye sindinamve n'komwe kuti ndikunama. Ndasoka ndi timisoko ting'onoting'ono, tovuta kumasula.

B. anadzera ku shopu poweruka. Aima, manja kumbuyo, kuyang'ana nthawi yaitali.

"Zokongola, amayi."

Basi. Mitsinje ya eni ake amaidziwa pamtima, koma dziko lawo lakwera zala ziwiri osaona.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndasita nsalu. Wobiriwira akuoneka wathanzi.

Lachitatu, 15 Okutobala

Manambala wabwera yekha kudzaona ntchito yomaliza. Siketi yomwe ija.

Tayala nsalu. Wayang'ana kuchokera kumanzere, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga. Atafika kumapeto wavula magalasi, wawapukuta, wavalanso.

"Mungandibwereke tepi, mayi?"

Tepi yanga yomwe, yochokera m'khosi mwanga. Wayeza malo amodzi okha.

"Pano pakwera."

"Nsalu imatamuka ikasitidwa."

"Yatamuka mokomera ife tokha."

Ndimayembekezera ukali kapena ulaliki. Iye wangokhala pa mpando n'kuyamba kuseka, kuseka kotopa. "Mukanandiuza, ndikanabwera kudzakugwirirani mapini. Mukanakweza zala zinayi."

Ndamuyang'ana.

Akuti sakufuna kupita. Bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi, amawasambitsa ndi mchemwali wake mosinthana, ndipo mchemwaliyo ndi woyembekezera. Wakana kwa abwana, amuuza kuti manambala ndi ake, awatsatire. Akuti ngakhale titasoka wobiriwira mpaka kudenga sizisintha kanthu, akuluakulu ali ndi pepala lomwelo m'zikwama zawo. Nsaluyi ndi yoti pakhale poloza.

Ndiye ndafunsa, poti pakamwa panga sipadikira. "Nanga amuna anga mukuwakokeranji?"

Wadabwa zenizeni, osati zonamizira. Ndimadziwa nkhope yonamizira, ndimaiona tsiku lililonse pa galasi la makasitomala.

"Ine? Akulu a makiyi ndi amene amafika pa desiki panga m'mawa uliwonse kuti ndikawatchule kwa abwana. Ndimayesa munagwirizana kunyumba."

Ndatenga kalumo komasulira ulusi.

Wandithandiza kumasula. Sadziwa, amakoka ngati akuzula udzu, ndamulanda pena pake asanang'ambe. Titafika pa phiri langa lija waikapo chala n'kufunsa kuti chaka chimenechi ndinali kuti. Ndamuuza zonse, makina pamutu, apongozi kumsana, zithunzi. Wamvetsera mmene amamvetserera muja, ndipo ndadzida chifukwa zimakoma. Wati aliyense amene amamuonetsa mizereyi amayamba wafunafuna chaka chake, ndipo palibe amene amakhutira ndi kutalika kwake.

Phirilo ndalitsitsa ndekha. Labwerera kukhala kachitunda. Buluu naye ndamubwezera chala chake.

Potuluka ndamuuza abweretse siketiyo ndimupindire. Si chikondi. Sindingalole kuti anthu aziona munthu akutuluka mu shopu yanga ali chonchija.

Wamazipi anamva zonse kudzera pa khoma la thabwa. "Ndiye mdani ndani tsopano?" Ndamuuza atseke pakamwa, agulitse mabatani.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndawafunsa m'mawa, akupolisha nsapato pakhonde. Sindinazungulire.

Sanakane. Apitiriza kupukuta nsapato imodzi yomweyo mpaka ndimadziona nkhope. Kenako ati, "Amayi, ine ndakalambira m'nyumba ija. Bulangete ndimaliwerenga polowa, ndimaliwerenga potuluka. Galimoto ikapita ndimatseka chitseko. Sindinaonepo likufika m'manja mwa munthu. Ngakhale chaka chathu chija, tili m'kalasi, anatigawira ndi anthu ena, ine ndili pa mzere ngati aliyense. Ndimafuna ndikaone kamodzi ndisanapume."

"Osandiuza ine bwanji?"

"Mukanati chiyani?"

Ndikanati ayi. Tonse tikudziwa.

Mdaniyu akanakhala mkazi ndikanadziwa chochita. Ndikanavala bwino, kukaima pa geti pake, kulankhula mawu awiri anthu a mumsewu akumva. Koma dziko lathunthu lonyowa, anthu ali pa madenga, ndikalimbana nalo bwanji? Ndikaliuza kuti lisiye kumira, mwamunayu ndi wanga?

Andipempha ndiwasitire shati yoyera ya mawa. Ndinaganiza zosiya simbi pa kolala nthawi yaitali pang'ono. Ndasita bwinobwino. Dzina la telala limayenda pa msana pa mwamuna wake.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndinapita nawo kukapachika nsalu, poti timakoleko take ndimatidziwa ndine. Nditamaliza palibe anandithamangitsa, ndiye ndinakhala kumbuyo pafupi ndi tebulo la makapu.

Manambala analankhula bwino, ndisaname. Analoza ndi kamtengo, dziko ndi dziko, chaka ndi chaka. Koma akuluakuluwo sanakhale patali monga ananenera Wamazipi. Anadzuka. Mayi wina wa imvi, mkulu wa onse, anapita kukagwira riboni, kuitsatira ndi chala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Enawo n'kumutsatira, kujambula ndi mafoni. Ndinathokoza mumtima kuti tinamasula. Timabowo ta singano tinali kuoneka pamwamba pa wobiriwira, koma ndi ine ndekha ndi Manambala amene timadziwa kuti pamenepo panali dziko lina.

Kenako abwana analengeza. Katundu asamukira kwa abuluu. Opita: Manambala, dalaivala wamkulu, ndi wachiwiri wa B., amene amamutcha Kamtali. Iyeyu amusankha chifukwa amayankhula chiyankhulo cha kumeneko, mayi ake anachokera konko. B. atsala kuyang'anira kachipinda ka katundu wochepa amene asiyidwe kuno.

B. anaomba m'manja. Anaomba kuposa aliyense, shati ili mbee. Ndinayang'ana kumbali.

Ndimayenera kukondwa. Ndinadikira chimwemwe ngati basi, osabwera. M'malo mwake kunabwera ukali. Kamtali! Munthu amene anataya makiyi a geti mpaka B. kukadula loko. Ndani ameneyo wokana amuna anga? Ngati pali wowakaniza, ndikhale ine.

Ndikutolera mapini, mayi wa imvi uja anafunsa kuti wasoka ndani. Manambala analoza ine. Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo.

Mayi wa imviyo akuti kumene katundu akupitako misonkhano yambiri imachitikira pansi pa mitengo, kopanda magetsi, ndipo mapepala amanyowa. Akufuna nsalu zotere chigawo chilichonse, za mitsinje yawo ndi zaka zawo, zoti anthu azigwira ndi manja. Akufuna telala apite miyezi itatu, akasoke pamodzi ndi amayi a kumeneko mpaka azitha okha.

"Mukaganize, mayi. Mutiyankhe Lolemba."

Ndinayang'ana B. Anali atanyamula mipando iwiri, ataima nayo pakati pa holo.



Loweruka, 18 Okutobala

Adzuka m'mawa kukasesa pabwalo, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Kenako abwera kudzaima pa chitseko cha khitchini.

"Shopu mukasiyira ndani?"

"Sindinaganize."

"Kumeneko kuli udzudzu woopsa. Ndinawerenga."

"Ehe."

"Ndi madzi akumwa ndi ovuta. Inu m'mimba mwanu simuchedwa."

Dziko lomwe lija la maso ngwee, lero lasanduka la udzudzu.

Ndinapita ku shopu. Wamazipi anamva kale, sindikudziwa kwa ndani. Akuti azinditsegulira ndi kulandira zovala, mphwake amadziwa kupinda. Ndamuuza kuti sindinavomere. "Inde, achemwali, simunavomere. Nanga makinawo mukuwathira mafuta chifukwa chiyani Loweruka?"

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Kabotolo kanalimodi.

Masana B. atulukira ku shopu, akuti amangodutsa. Kuchokera kwathu kudutsa pano supita kulikonse. Akhala pa mpando wa makasitomala, chipewa pa bondo, kuyang'ana ine ndikupukuta makina. Nthawi yaitali ndithu.

"Galimoto yopita kumeneko ndi imodzi?"

"Kaya."

"Ndi ulendo wa masiku awiri. Mugona panjira."

"Mwina."

Atembenuza chipewa. Achitembenuzanso.

"Kamtali uja," atero, maso ali pa chipewa, "paja sanakwatire, eti?"

Kuseri kwa khoma la thabwa china chake chagwa, mabatani kumwazika pansi ponse. Ine ndaweramira pa makina kuti asaone pakamwa panga, ndipo ndawapempha andipatsire sikuludiraiva yaing'ono ija, yomasulira mutu wa makina pa tebulo lake.

Andipatsira.